Asisi ofunsa za mphaka wachiwiri uja, musawasiye amenyane

Asisi ndawerenga funso lanu lija. Mwati achimwene anu anyamuka wa ku Johannesburg ndiye akusiyirani mphaka wawo wamwamuna, wamkulu kale, pomwe inu pakhomo muli ndi wanu wamkazi amene mwakhala naye zaka zitatu, ndiye chibwerereni mlendoyu dzana ndi nkhondo yokhayokha mpaka wanuyo wasiya kudya, akugona panja. Ndaonanso ena akuyankhani kuti asiyeni amenyane akatopa azolowerana okha. Chonde zimenezo musamvere, ine ndinaziyesapo ndipo zinandipweteka mtima kwambiri.

Ndimakhala kuno ku Mangochi konkuno cha kwa Mpondasi, ndili ndi amphaka awiri, Bonya ndi Jeke, koma Jeke asanabwere kunabwera wina amene ndinapatsidwa ndi anzanga, ndinangomasula thumba pabalaza nkumusiya pamaso pa Bonya. Anamenyana usiku onse, m'mawa mlendo uja khutu lili long'ambika, tsiku lachitatu anatulukira pawindo ndipo sindinamuonenso mpaka lero. Ndiye pamene Jeke amabwera ndinachita zina, ndi zimene ndikufuna ndikuuzeni.

Mphaka si mbuzi yoti mukaiponya m'khola mawa lake yayamba kudya ndi zinzake. Pakhomo amapatenga kuti ndi pake, ndipo malire ake amalemba ndi fungo. Mukamuona akudzikhula masaya pamwendo wa tebulo, pachitseko, olo pamiyendo yanu, si chikondi chokha ayi, akusiya fungo lake limene ife anthu sitilimva. Ndiye taganizani wanuyo, zaka zitatu akulemba nyumba yonse kuti muno ndi mwanga, kenako tsiku limodzi akungopeza chimphaka chachilendo chili pambale yake. Naye mlendoyo ali ndi mantha ake, mbuye wake sakumuona, fungo lililonse ndi lachilendo, pothawira sakupadziwa. Onse awiri akumenyana chifukwa cha mantha, si nkhanza.

Choti muchite lero lomwe, asiyanitseni. Mlendoyo mutsekereni m'chipinda chake yekha, kaya mosungira katundu kaya chipinda cha alendo, bola chitseko chizitsekeka bwinobwino. Koma poti kuno kumatentha mmene mukudziwira, makamaka nyumba za malata zopanda siling'i, sankhani chipinda cholowa mphepo, windo lokhala ndi waya wa udzudzu lija ndiye labwino, ndipo madzi akumwa asamathe m'mbale. Muikemo katoni yopanda kanthu mutaigoneka cham'mbali ndi chitenje chakale mkati kuti azibisalamo, akabisala musamukoke, atuluka yekha. Chimbudzi chake tengani beseni lakale muthiremo mchenga, mwayi wathu mchenga sitigula, wa kunyanja kapena wa m'mbali mwa Shire ndi omwewo bola muuyanike uume. Beseni likhale patali ndi mbale yodyera, mphaka sakonda kudya pafupi ndi pomwe amadzithandizira, ndipo muzichotsa zoipazo tsiku ndi tsiku. Ana auzeni bwino kuti chitseko icho asamatsegule, chifukwa pulani yonse imawonongeka ndi mwana mmodzi wofuna kuona pusi.

Mlendoyo panja asatuluke kwa mawiki awiri kapena atatu, olo alire bwanji. Mphaka wamkulu akangotuluka msanga amayamba ulendo wofuna kwawo kwakale, ndiye ndi njinga zamoto zadzadza m'misewumu komanso agalu, ambiri safika.

Tsopano wanu wakaleyo, amene ndikumudandaula kwambiri ndi ameneyo. Muitaneni alowe, mpatseni chakudya pamalo pake pa masiku onse, nthawi yake yomweyo, mumusisite ngati kale kuti aone kuti nyumba sanalandidwe. Nkhani yosadyayo musaitenge mopepuka, mphaka akakhala masiku awiri atatu osadya kanthu chiwindi chimayamba kuvuta, makamaka akakhala wonenepa. Muphikireni usipa wauwisi wopanda mchere, wopandanso anyezi, mumupatse uli wofunda pang'ono kuti fungo limukoke. Akakanabe mpaka mawa pitani naye kwa a vetenale.

Mbali imene anthu amaiseka koma ndi imene imagwira ntchito ndi iyi ya fungo. Tengani kansalu kapena sokosi yakale, mupukute nayo masaya a mlendoyo pang'onopang'ono, kenako mukaisiye pansi pomwe wakaleyo amadutsa, osati kumununkhitsa mokakamiza ayi, ingoisiyani. Ina mupukute wakaleyo mukaisiye kwa mlendo. Tsiku loyamba Bonya atanunkhiza sokosi ya Jeke anachita fwaaa ubweya onse njo, nkuthawa. Tsiku lachinayi anangoinunkhiza nkudutsa. Pamenepo ndi pomwe ndinadziwa kuti tikupita patsogolo. Muzisinthanitsanso zitenje zimene amagonera. Pakatha masiku angapo, wakale uja akakhala panja tsekani zitseko ndi mawindo, mumutulutse mlendo ayendeyende m'nyumba yonse kwa ola limodzi, anunkhize, adzikhule m'makona, kenako abwerere kuchipinda chake. Mukatero nyumba imayamba kununkha onse awiri asanaonane nkomwe.

Chakudya ndiye chida chanu chachikulu. Muziwapatsa nthawi imodzi, wina mkati wina kunja kwa chitseko chotseka chija, poyamba mbale zili patali, tsiku lililonse muzisendeza pafupi. Cholinga nchoti aliyense akamva fungo la mnzake azikumbuka usipa osati ndewu. Wina akakana kudya ndiye kuti mwafulumira, bwezerani mbale m'mbuyo. Akafika podya onse pafupi ndi chitseko opanda phokoso, tsegulani kampata kakang'ono koti aonane koma mutu usalowe, muike mwala mbali zonse kuti chitseko chisakankhike. Ine pamenepa ndinakhalapo pafupifupi wiki yathunthu ndipo sindinong'oneza bondo.

Kukumana kwenikweni kuyambe ndi mphindi zisanu basi, inu muli pompo, zitseko zamkati zili zotsegula kuti wofuna kuthawa athawe, pakhalenso pokwera ngati tebulo kapena pawindo poti mphaka akakhala pamwamba mtima umakhala pansi. Musanyamule wina nkumufikitsa pamphuno pa mnzake. Kuchita fwaa, kudzuma pang'ono, olo kambama kamodzi kopanda zikhadabo, zimenezo zisakuopseni, akuuzana kuti usandiyandikire. Zoopsa ndi pamene wina wamuyang'anitsitsa mnzake osaphethira, makutu agona chambuyo, mchira wafufuma, akumulondola pang'onopang'ono. Mukaona choncho ikani katoni pakati pawo asaonane, muwasiyanitse, muyesenso mawa. Ndipo musamenye kapena kukalipira aliyense, amangoonjezera mantha.

Akagwirana zenizeni musalowetse manja, chonde asisi. Ombani m'manja mwamphamvu, kapena aponyereni bulangete, kapena kankhani ndi katoni. Mphaka wolusa amaluma ngakhale mbuye wake ndipo mano ake ndi osongoka, kabala kamaoneka kakang'ono koma kamalowa mkati nkutupa. Komanso kwathu kuno chiwewe chilipo ndipo si cha agalu okha, amphaka nawo amatenga. Mukalumidwa kapena kukalidwa tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 kenako thamangani kuchipatala tsiku lomwelo. Afunseni achimwene anu pa WhatsApp ngati mphaka wawoyo anabayitsapo katemera wa chiwewe, ngati sanatero pitani ku ofesi ya vetenale pa boma onse awiri akabayidwe, mukafunsenso za mankhwala a njoka zam'mimba ndi nthata, poti mlendo amatha kubwera nazo nkupatsira mnzake.

Poti amenyana kale, apapaseni thupi lonse masiku akubwerawa, makamaka m'masaya, m'khosi ndi patsinde pa mchira. Bala la dzino limatsekeka pamwamba koma mkati mukuchita mafinya, pakatha masiku atatu anayi mumangoona chotupa chotentha, mphaka wafooka. Zikatero ndi za a vetenale. Panado musamupatse olo kachidutswa, kwa mphaka ndi poizoni, amafa naye. Chimodzimodzi mankhwala ophera nthata a agalu kapena dibi wa ng'ombe, ena mwa amenewo amapha mphaka.

China chimene simunanene, kodi wamwamunayo ndi wofula? Ngati ayi konzekani, azikodzera m'makoma ndi m'makatani kulemba malire ndipo fungo lake ndi loopsa, azilowa m'ndewu ndi amphaka a aneba usiku, ndipo wamkazi wanuyo ngati sanatsekedwe kuti asabereke pakangotha miyezi iwiri ndi masiku ochepa chitengereni bere muli ndi tiana, ndipo amatha kuswa kawiri katatu pachaka. Kufula kumachepetsa ukali kwambiri. Funsani a vetenale konkuno kaye, ngati muli ndi ulendo wa ku Blantyre a BSPCA, bungwe loteteza nyama, amapanga opaleshoni imeneyi. Jeke ndinamufulitsa ali m'chipinda chake chija asanakumane ndi Bonya, ndipo ndikukhulupirira kuti zinathandiza.

Olo atayamba kukhala limodzi mbale zikhalebe ziwiri, pamalo osiyana, madzi pawiri, mabeseni a mchenga awiri kapena atatu ngati amagona m'nyumba. Ndewu zambiri za amphaka zimayambira pa kulimbirana chinthu chimodzi, wina amangogona pakhomo la chipinda mnzake nkulephera kudutsa kukadya, inu nkumaona ngati ali pa mtendere.

Za nthawi sindikunamizani kuti ndi za wiki imodzi. Ena mawiki awiri zatheka, ena miyezi iwiri itatu, ndipo poti anuwo ayamba ndi ndewu mwina zitengako nthawi. Anga anatenga mwezi ndi theka kuti adye m'chipinda chimodzi. Mpaka pano sanyambitana, sagona pamodzi, Bonya amagona pampando Jeke pakhonde pansi pa mtsuko pozizira, koma amadutsana bwinobwino ndipo makoswe m'nyumba mulibe. Kwa ine zimenezo zakwana. Ngati patatha miyezi itatu mukuchita zonsezi koma magazi akutulukabe, kapena wina akungokhala mobisala osadya bwino, kambiranani ndi achimwene anu mumupezere mlendoyo khomo lina lopanda mphaka, ndipo pomupititsa mumuike m'katoni yoboola mabowo osati m'thumba, kutentha kwa kuno m'thumba angakomoke.

Koma panopa yambani ndi kutseka chitseko chija, ndipo mawa m'mawa mutiuze ngati wamkaziyo wadya.