Kodi umakaniki wa makina a m'fakitale ungakudyetseni kuno kunyanja?

Mnyamata wina wa kwa Malengachanzi ku Nkhotakota wanditumizira imelo. Walemba Fomu 4 ndipo mtima wake uli pa General Fitting, maphunziro a umakaniki wa makina a m'fakitale, koma amalume ake akuti angotaya nthawi poti mafakitale ali ku Blantyre ndi ku Kanengo. Akufunsa ngati angadzapeze ntchito osasamuka kwawo.

Achimwene, amalume anuwo aiwala nzimbe. Ku Dwangwa kuli fakitale ya shuga ya Illovo, ndipo pafupi pomwepo pali EthCo yomwe yakhala ikupanga ethanol kuyambira 1982. Ku Salima nako kuli Salima Sugar. Koma ndisakunamizeni, malo okhazikika m'makampani amenewa ndi ochepa, ndipo amene alimo sachokamo wamba.

Khomo lolowera lili m'dzinja. Fakitale ya shuga imagaya nzimbe usana ndi usiku kuyambira cha mu Epulo mpaka Novembala. Mvula ikagwa makina amaima, ndiye m'pamene amamasulidwa chimodzichimodzi: zogayira nzimbe, matcheni onyamula, mapampu, magiyabokosi. Nthawi imeneyi manja amachepa, choncho pamapezeka ntchito za miyezi yochepa, zina kudzera mwa makontirakitala. Musazipeputse. Kumeneko mudzaona mmisiri wamkulu atagunditsa sikuludiraiva pa bering'i, khutu lili pa chigwiriro, n'kudziwa kuti yatsala pang'ono kufa. Mudzaphunziranso kulunjikitsa shafiti ya mota ndi ya pampu mpaka zigwirizane ndendende, chifukwa zikangophonyana pang'ono makina amanjenjemera, bering'i yatsopano n'kutha m'masabata ochepa. Luso lotere silikwanira m'kalasi, ndipo kapitawo saiwala mnyamata amene amaligwira msanga.

Chomwe chimandiwawa n'chakuti anyamata ambiri amangoyang'ana kugeti la fakitale, kuiwala zigayo ndi makina opunthira mpunga omwe ali mbwee kuchokera ku Dwambazi mpaka ku Chipoka. Chigayo chikaima, mwini wake amataya ndalama tsiku lomwelo, ndipo amayi amasenza chimanga kupita kwina. Wodziwa kusintha nyundo ndi sefa, kukunga lamba komanso kuwotcherera, foni yake siikhala chete, makamaka nthawi yokolola.

Zamagetsi musazithawe. Makina ambiri lero amayendera mota, ndiye mmisiri wosadziwa sitata yake, kachipangizo koyatsira motayo, amangodikira mnzake. Ngakhale malo opangira magetsi a dzuwa a JCM ku Salima, a mamegawati 60 omwe anayamba ntchito mu 2021, amafuna kwambiri anthu odziwa zamagetsi.

Pa nkhani ya sukulu, funsani ku TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, makoleji omwe akuphunzitsa General Fitting chaka chino, ndipo pepala mukhale nalo ndithu, chifukwa makampani akuluakulu salemba munthu pongomva kuti amatha. Mukayamba maphunziro, makalata opempha malo oyeserera ntchito muzikapereka nokha pamanja cha mu Okutobala, makina asanaime.