Miyala ya m'ketulo, ya m'mano ndi ya mu impso: kodi ndi yapachibale?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa amayi ena a ku Chalala, kuno ku Lusaka. Akuti kunyumba kwawo amamwa madzi a pa borehole, ndipo ketulo yawo imachita zoyera zolimba mkati mwezi usanathe. Kuseri kwa mano awo apansi nakonso kwamera zolimba zachikasu zomwe mswachi ukulephera kuchotsa. Chaka chathachi amuna awo anagonekedwa m'chipatala chifukwa cha mwala mu impso. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi si madzi omwewa akutiumitsa miyala m'thupi? Ine ndachepetsa kumwa madzi, ana ndikuwagulira zakumwa za m'mabotolo."

Amayi, ndiyambire pa mawu anu omalizawo chifukwa ndi amene andidetsa nkhawa. Chonde bwererani ku madzi lero lomwe. Pa zonse zimene mwalemba, kuchepetsa madzi ndiko kungakubweretsereni mwala womwe mukuuthawawo.

Za ketulo simunaname. Mbali yaikulu ya Lusaka inakhala pamwamba pa miyala ya laimu, yomweyo imene mumaona anthu akuphwanya m'mbali mwa misewu, yomwenso amapangira simenti ku Chilanga. Madzi a pansi akamadutsa m'miyala imeneyi amasungunula kashiamu n'kumutenga. N'chifukwa chake madzi a m'ma borehole ambiri kuno sachita thovu msanga ndi sopo, mosiyana ndi ochokera mu mtsinje wa Kafue. Mukawawiritsa, mpweya wina umachoka m'madzimo ndipo kashiamu uja amagwa n'kumata pa chitsulo. Koma thupi si ketulo. Madzi mukamwa amafikira m'mimba momwe muli asidi, kashiamu amalowa m'magazi kudzera m'matumbo monga amachitira wa mu mkaka kapena wa m'minga ya kapenta, ndipo thupi limayang'anira mosamala kwambiri kuti asachuluke kapena kuchepa m'magazimo. Palibe njira yoti zoyera za m'ketulo zikadziunjike zokha pa dzino kapena mu impso.

Tibwere ku mano. Zolimba mukuzimva ndi lilimezo madokotala amazitchula kuti tartar. Chiyambi chake ndi chofewa. Pakangopita maola ochepa mutatsuka mano, mabakiteriya a m'kamwa amayamba kuyala kautoto konanda pa dzino, kamene mumakamva m'mawa ngati kantchintchi mukapalasa ndi chikhadabo. Kautoto aka, kotchedwa plaque, kamachoka ndi mswachi. Koma kakasiyidwa, malovu amene mwachibadwa amanyamula kashiamu ndi phosphate amakalowerera, ndipo pakatha masiku owerengeka kamayamba kuuma. Kakauma, basi, mswachi wagonja.

Taonani malo amene mwatchula: kuseri kwa mano apansi akutsogolo. Pafupifupi aliyense amene ali ndi tartar mumamupeza nayo pomwepo. Chifukwa chake n'chakuti pansi pa lilime pali timabowo tiwiri totulukira malovu, ndiye mano amenewo amasamba malovu atsopano usana ndi usiku. Malo ena ndi kunja kwa mano akumapeto a m'mwamba, moyang'anizana ndi tsaya, komwe kulinso kabowo ka malovu. Munthu wa ku Matero womwa madzi a pampopi ndi munthu wa ku Chalala womwa a pa borehole, onse mukawayasamula mudzaipeza pamalo omwewo. Anthu amasiyana ndithu, ena malovu awo amaumitsa msanga ngakhale akutsuka bwino, ndipo osuta fodya imawachulukira n'kuda bii.

Chimene ndimaopera tartar si maonekedwe ake. Ndi yokhakhala, choncho mabakiteriya amapeza pogwira mpaka kulowa pansi pa nkhama. Nkhama zimatupa, zimafiira, zimatuluka magazi potsuka, m'kamwa mumanunkha. Zikapitirira kwa zaka, fupa logwira dzino limayamba kudyeka mwakachetechete, popanda ululu, mpaka tsiku lina dzino labwinobwino lopanda bowo layamba kugwedera. Akuluakulu ambiri amene timati anaguluka mano ndi ukalamba, kwenikweni anaguluka ndi matenda a nkhama amenewa.

Ine ndinazengereza zaka zingapo kupita kukachotsetsa yanga chifukwa cha mawu amene timauzana m'makomboni, akuti ukakatsukitsa mano kuchipatala amagwedera ndipo amachita mipata. Nditapita, ndinatulukadi ndikumva mphepo ikudutsa pakati pa mano apansi, ndipo madzi ozizira ankandilasa kwa masiku angapo. Koma mipata ija sanaiboole ndi dokotala. Inalipo kale, nkhama zinali zitabwerera m'mbuyo, tartar ndiyo inkaitseka ngati dothi lomata mng'alu wa khoma. Pakutha pa milungu iwiri magazi aja ndinkalavula m'mawa uliwonse anasiya. Ndimadandaula kuti sindinapite msanga.

Ndiye pitani mukafunse za scaling, kutanthauza kuchotsa tartar, ku chipinda cha mano cha chipatala cha boma chapafupi, kaya ku Chilenje, ku UTH kapena ku Levy Mwanawasa, kapena kwa dokotala wa mano wolipira ngati thumba likulola. Amagwiritsa ntchito kachitsulo konjenjemera kothira madzi, ndipo nthawi zambiri ulendo umodzi umakwana. Musayese kupala ndi singano, pini kapena lezala. Musakhuze ndi makala, phulusa kapena mchere, ndiponso musapake mandimu ndi soda monga ena amalangizira pa Facebook. Asidi wa mandimu adzadya chikuto cholimba cha dzino tartar isanasunthe, ndipo chikuto chimenecho sichimeranso. Akakuchotsani, tsukani kawiri pa tsiku kwa mphindi 2 ndi mankhwala okhala ndi fluoride, mswachi wofewa muupendeketse pomwe dzino limakumana ndi nkhama, ndipo kuseri kwa mano apansi kuja muuimike choongoka. Pakati pa mano pamafunika kaulusi kotsukira mano.

Tsopano za bambo a kunyumba. Mwala wa mu impso umapangika kuchokera mu mkodzo. Mkodzo ukakhala wochepa ndi wokhathamira, mchere wosiyanasiyana womwe uli m'menemo umayamba kugwirana timibulu, monga shuga wochuluka amatsalira pansi pa kapu ya tiyi wochepa. Pa miyala 10 iliyonse, pafupifupi 8 imakhala ya kashiamu, makamaka wogwirana ndi chinthu chotchedwa oxalate. Ina imachokera ku uric acid, ina ku matenda a njira ya mkodzo obwerezabwereza. Mwala ukakhala phee mu impso munthu sangadziwe. Ululu woopsa uja umabwera ukatsikira mu kanjira kopapatiza kopita ku chikhodzodzo: umagwira m'mbali mwa msana n'kutsikira ku chinena, munthu amagubuduzika, amasanza, mkodzo nthawi zina umafiira. Timiyala tosakwana mamilimita 5 nthawi zambiri timatuluka tokha. Koma ululu wotere ukabwera ndi kutentha thupi ndi kunjenjemera, kapena mkodzo ukasiya kutuluka, musadikire kuche.

Munthu amene anadwalapo mwala amakhala pangozi yoti ubwerenso, choncho amuna anu ndi amene ayenera kumwa madzi kuposa wina aliyense m'nyumbamo. Madokotala amalangiza kumwa okwanira kuti pa tsiku patuluke mkodzo wa malita 2 mpaka 2.5, kutanthauza kuti m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala botolo lisachoke m'manja. Chizindikiro chosavuta ndi mtundu wa mkodzo, ukhale wotuwira, osati wachikasu chodera. Chinanso choti asamale nacho ndi mchere. Mchere wambiri umachititsa impso kutayira kashiamu wochuluka mu mkodzo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 pa tsiku, supuni yaing'ono imodzi, ndipo ife ndi nsomba zouma zamchere, soseji, timibulu tokometsera ndiwo ndi kambale ka mchere pambali pa nsima timapitirira kutali. Nyama yochuluka tsiku ndi tsiku ndi zakumwa za shuga, zomwe mukugulira anazo, nazonso zimawonjezera ngozi, ndipo shugayo ndi chakudya cha mabakiteriya a m'mano aja.

Chodabwitsa n'chakuti kusala zakudya za kashiamu sikuthandiza, kumaipitsa zinthu. Kashiamu wa m'chakudya amagwira oxalate m'matumbo momwemo n'kutuluka naye ku chimbudzi. Akasowa, oxalate amalowa m'magazi n'kukathera mu impso. Choncho amuna anu mkaka ndi mabisi asawasiye. Ngati dokotala anawauza kuti mwala wawo unali wa oxalate, achepetse sipinachi, bondwe, nshawa ndi tiyi wakuda wambiri, osati kusiyiratu.

Palinso miyala ina. Ya mu ndulu yambiri si ya kashiamu n'komwe, ndi ya cholesterol, ndipo imakonda amayi, makamaka amene anaberekapo ndi onenepa. Odwala sickle cell amapanga mtundu wina wakuda adakali achichepere chifukwa maselo awo ofiira amasweka msanga. Ululu wake umakhala kumanja pansi pa nthiti, kawirikawiri mutadya zamafuta. Ngakhale m'njira ya malovu mumatha kumera kamwala, ndipo mudzakadziwa ndi kutupa pansi pa chibwano nthawi ya chakudya kenako n'kuphwa. Kukhala ndi tartar sikutanthauza kuti muli ndi mwala wina uliwonse mwa imeneyi. Kokha ngati miyala ya mu impso ikubwererabwerera, amuna anu apemphe kuti awayeze kashiamu m'magazi, chifukwa pali tizigawo ting'onoting'ono m'khosi totchedwa parathyroid tomwe tikagwira ntchito mopitirira timakweza kashiamu, ndipo vutoli limachizika.

Ngati pali choti muope pa madzi a borehole kuno ku Lusaka, ndi china. Miyala ya laimu ija ili ndi ming'alu, ndipo zonyansa za m'zimbudzi zokumba ndi m'ma septic tank zimatha kutsika msanga mpaka kumadzi. Tonse tikukumbukira kolera ya 2017 mpaka 2018, ndi ija ya kumayambiriro kwa 2024 pamene odwala ankagonekedwa ku Heroes Stadium. Choncho madziwo awiritseni kapena athireni klorini, muwasunge mu chigubu chotseka, kenako imwani mosaumira. Ketuloyo thiranimo viniga wosakaniza ndi madzi, muwiritse, musiye kwa ola limodzi, mutsukuluze bwino. Viniga ameneyo ndi wa ketulo yokha, asayandikire mano.