Nkhani zakale zachuluka pa webusayiti, ndiyambire iti kukonza?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena aku Ulongwe ku Angónia. Ali ndi webusayiti ya zaulimi, amalemba za mbatata ya kachewere, chimanga, feteleza ndi mitengo ya pamsika, nkhani zakwana pafupifupi 90 koma zambiri zakalamba. Funso lawo ndi loti nthawi ndi yochepa, ma mega nawonso ndi ndalama, ndiye angadziwe bwanji nkhani yomwe ikakonzedwa ibweretse anthu ambiri kuchokera ku Google.

Achimwene, choyamba musayambe ndi nkhani yomwe mumaikonda inuyo, kapena yomwe ndi yakale kwambiri. Ine ndinachitapo zimenezo, masiku atatu kukonza nkhani yomwe palibe amaisaka, thukuta lonse la kuno ku Tete linangopita pachabe. Yambani ndi manambala, ndipo manambalawo muli nawo kale mwaulere mu Google Search Console, chida cha Google choonetsa momwe anthu osaka akupezera webusayiti yanu. Tsegulani pa Performance, ngati yanu ili m'Chipwitikizi palembedwa Desempenho, musankhe miyezi itatu yapitayi kenako mudine pa masamba. Tsamba lililonse likuonetsani kangati linaonekera kwa anthu osaka, kangati analidina, CTR yomwe ndi chiwerengero cha odina pa anthu 100 oliona, ndi malo omwe limakhala pamndandanda. Zitsitseni zonsezo mu Google Sheets, pafoni zimavuta ndithu, bwerekani kompyuta ngakhale kwa ola limodzi.

Tsopano apa ndi pomwe pali nkhani. Sakani masamba omwe akuonekera kwambiri koma ali pa malo a pakati pa 5 ndi 15 mwakuti. Amenewo Google yawavomera kale, kungoti ali kumunsi komwe anthu safikako kawirikawiri, mukawakankha pang'ono amakwera. Tsamba lomwe lili pa 40 lili kutali, lomwe lili pa 1 kapena 2 lisiyeni, mungaliwononge.

Kuti muyerekeze phindu musatengere ma CTR omwe amalembedwa pa intaneti, ambiri amachokera ku mawebusayiti a Chingerezi a kunja, owerenga anu ndi ena. Onani masamba anu omwe omwe ali pa malo 3 kapena 4, anthu amawadina bwanji, nambala imeneyo ndiye muyezo wanu. Tiyerekeze chonchi, manambalawa ndi ongophunzitsira. Nkhani yanu ya chiwawu cha mbatata yaonekera ka 3,000 pa miyezi itatu, ili pa malo 9, aidina ka 60, kutanthauza anthu 2 pa 100. Masamba anu a pa malo 3 amadinidwa ndi anthu 8 pa 100. Ikakwera kufika pamenepo, 3,000 ija ingakupatseni 240, chotsanipo 60 yomwe muli nayo kale, phindu ndi 180. Ina ya kasungidwe ka nyemba yaonekera ka 200 basi, ngakhale itakwera kufika pa malo 3 ikupatsani 16 yokha. Mwaona kale kopita.

Ine 180 ija ndimaigawa pawiri chifukwa si nkhani zonse zimakwera, kenako ndimagawa ndi maola omwe ntchitoyo idye. Nkhani yongofuna kusintha mutu ndi mitengo ya meticais yomwe inatha ntchito ndi ya ola limodzi, yofuna mukafunse alangizi ndi kujambula zithunzi kumunda ndi ya masiku awiri, ndiye nthawi zina yaphindu lochepa imayamba ndiyo chifukwa ndi yofulumira.

Koma pali misampha yomwe kwathu kuno imakola kwambiri. Ulimi umayenda ndi nyengo, nkhani ya feteleza mukaiyang'ana mu Juni ioneka yakufa pomwe mu Novembala mvula ikayamba anthu amaisaka ngati chiyani. Search Console imasunga manambala a miyezi 16, choncho onani miyezi yomweyo ya chaka chatha, ndipo muikonze mwezi umodzi kapena iwiri nyengoyo isanafike, chifukwa Google siisintha malo tsiku lomwelo, pamatenga masabata. Chinanso sefani ndi dziko. Ife a m'malire owerenga athu ambiri amatha kukhala a ku Malawi, a ku Dedza ndi Ntcheu uko, chilankhulo ndi chimodzi koma munthu wa kumeneko akapeza mitengo ya meticais yokha amabwerera msanga. Mukaona kuti ambiri ndi amenewo, mwina chokonza n'kungowonjezera ndime yowathandiza iwowo.

Ndipo dinani tsambalo muone mawu enieni omwe anthu analemba posaka. Malo omwe mukuonawo ndi avereji chabe, tsamba limatha kukhala pa 3 pa mawu ena ndi pa 30 pa mawu ena. Mupezanso ena akusaka m'Chipwitikizi, batata reno (mbatata ya kachewere) kapena adubo (feteleza), ena Chichewa, ena kusakaniza. Ngati funso lomwe likubwera kwambiri nkhani yanu siikuliyankha, ntchito yanu ndi imeneyo, liyankheni kumayambiriro kwenikweni. Kungosintha deti kuti ioneke yatsopano ayi, ndimadana nazo, mlimi amakagula mankhwala potengera zomwe mwalemba.

Sankhani nkhani zisanu zokha pakali pano. Lembani tsiku lomwe mwakonza iliyonse ndi manambala ake akale, muike adiresi yake pa URL Inspection mu Search Console momwemo, mupemphe Google ilionenso tsambalo, kenako mudikire masabata 6 kapena 8 musanayerekeze. Mukafika pamenepo munditumizire zomwe mwapeza, makamaka za nkhani ya chiwawu ngati ilipo, ndikufuna ndione ngati kugawa pawiri kuja kukugwiranso kwa inu.