Ziwerengero za kuchipatala zingathandize bwanji pophunzitsa achinyamata za kugonana

Achemwali, mwafunsa ngati zimene anamwino amalowetsa m'kompyuta ndi m'mafoni zili ndi phindu pa nkhani yophunzitsa achinyamata za kugonana. Phindu lilipo, ndipo ndi lalikulu.

Kale malipoti a pamapepala ankachedwa kufika kwa akuluakulu a zaumoyo. Masiku ano mayiko ambiri amagwiritsa ntchito pulogalamu ya pakompyuta yosonkhanitsa ziwerengero za zaumoyo yotchedwa DHIS2, yomwe imayendetsedwa ndi University of Oslo ya ku Norway, ndipo zipatala zimalowetsamo ziwerengero zawo mwezi ndi mwezi. Tiyerekeze kuti m'dera lina atsikana a zaka 15 mpaka 19 obwera kusikelo ya amayi apakati akuchuluka, pomwe otenga njira zolera akuchepa. Apo ndiye pofunika kufunsa. Kodi makondomu anatha? Kodi achinyamata akuopa kukalipiridwa pachipatala? Kapena sakudziwa n'komwe kuti mimba imatheka ngakhale pogonana koyamba? Yankho lililonse limafuna phunziro lakelake. Matenda opatsirana pogonana akakwera pakati pa anyamata, aphunzitsi ayambe ndi anyamatawo, osamangolimbana ndi atsikana okha monga zimakhalira kawirikawiri.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chinsinsi. Mtsikana akangomva kuti zotsatira zake za HIV zingaonedwe ndi aliyense wokhala pakompyuta, sabweranso. Okonza maphunziro akufunika ziwerengero basi, mayina ayi.

Kumbukiraninso kuti kompyuta imawerenga okhawo amene afika kuchipatala. Mtsikana amene akubisa mimba kunyumba saonekamo, ndiye azaumoyo ayenera kumutsatira komweko.