Shati ya pa kaunjika ija ndi ya zaka ziti?

Bambo wina wa ku Zomba wanditumizira imelo pamodzi ndi zithunzi za shati yomwe anatola pa kaunjika belo litangotsegulidwa kumene. Ndi ya manja aatali, ili ndi matumba awiri otsekera pachifuwa, kumunsi kwake n'kodulidwa mowongoka, ndipo pakhosi palibe chiboo cha batani koma kachingwe kopindidwa kokolowekera kabatani kobisika pansi pa kolala. Pa lebulo palembedwa "Sanforized", "100% Cotton", "Made in U.S.A." ndi zilembo RN zotsatana ndi manambala asanu oyamba ndi 2. Malangizo a kachapidwe mulibe. Mnzawo wawauza kuti ndi ya m'ma 1970 chifukwa kolala yake ndi yotambalala. Funso lawo n'lakuti, kodi n'zoona?

Bambo, zikomo chifukwa chojambula lebulo moyandikira. Ambiri amangonditumizira shati ili pathupi, pomwe nkhani yonse imakhala kuseri kwa khosi.

Mnzanuyo waphonya pang'ono. Kolala ya m'ma 1970 imakhala yolimba, yoimirira pa kansalu kozungulira khosi, nsonga zake zazitali zoloza pansi. Yanuyi ndi yofewa, yogona pamapewa, ilibe kansalu koimiritsa kaja. Kasokedwe ka kachingwe aka kanatchuka ku America kuyambira m'ma 1940 mpaka kumayambiriro kwa m'ma 1960, pa mashati ovala poweruka kuntchito. N'chifukwa chake kumunsi n'kowongoka: sanaisokere kupisira mu thalauzi ayi.

Komabe ine kolala yokha sindiikhulupirira. Fashoni imabwerera, ndipo lero lino makampani akusokabe mashati a kolala yomweyi motsanzira akale. Chomwe sichinama msanga ndi zomwe lamulo linakakamiza wosoka kulemba.

Tiyambe ndi RN. Imeneyi ndi nambala yomwe bungwe la boma la America loona zamalonda, Federal Trade Commission, limapereka kwa kampani yopanga kapena yogulitsa zovala. M'chaka cha 1959 anayamba mndandanda watsopano kuchokera pa 13670. Yanu poti ikuyamba ndi 2 ndipo ili ndi manambala asanu, kampaniyo inalembetsa mu 1959 kapena pambuyo pake. Apa chenjerani: nambalayi ikunena za nthawi yomwe kampani inalembetsa, osati tsiku lomwe shati inachoka pa makina. Kampani imatha kugwiritsa ntchito nambala imodzi zaka makumimakumi. Ndiye RN ikutiuza kuti shatiyi singakhale yakale kuposa pamenepo, basi. Mawu akuti "100% Cotton" akugwirizana nazo, chifukwa lamulo loti chovala chizinena ulusi womwe chapangidwira linayamba kugwira ntchito kumeneko mu 1960.

Malire enawo akuchokera pa chinthu chomwe chikusowa. Kuyambira 1972, zovala zogulitsidwa ku America zinayenera kukhala ndi lebulo yosachoka yonena kachapidwe. Yanu ilibe. Koma musanasangalale, itembenuzeni kunja kukhale mkati, muyendetse chala pa msoko wa m'mbali kuyambira kukhwapa mpaka kumunsi, kenaka pansi pa lebulo ya pakhosi. Ngati wina anadula lebulo chifukwa imamuyabwa, mupeza kachidutswa kotsalira mu msoko kapena timabowo ta singano tondondozana. Mukapeza posalala, ndiye kuti sinakhalepo n'kale.

Zonsezi tikaziphatikiza, shati yanu ili pakati pa 1960 ndi 1971, ndipo chifukwa cha kachingwe kaja ine ndikuiika chakumayambiriro kwa zaka zimenezi. Chakumapeto kwa m'ma 1960 mashati ambiri anali atayamba kusakaniza thonje ndi poliyesitala, n'kumadzitama pa lebulo kuti safuna kusita. Yanuyi ikudzitamabe ndi "Sanforized", njira yofinyiratu nsalu ku fakitale kuti isadzafupike ikachapidwa, yomwe Sanford Cluett anaitulukira cha m'ma 1930. Mawu amenewa paokha sapereka chaka, anakhala pa zovala nthawi yaitali kwambiri.

Onaninso misoko. M'zithunzi zanu ndikuona kuti m'mbali anapinda nsalu n'kubisa mapeto ake mkati, palibe ulusi wa ovaloko ukulendewera. Telala aliyense wapakhonde akuuzani kuti kusoka kotere kumadya nthawi, ndipo n'kumene kwasunga shatiyi zaka zonsezi osasomboka.

Kwa ena amene mukuwerenga muli ndi malaya a agogo m'sutikesi, makamaka a madala amene anakagwira ntchito ku Halale kapena ku Joni, dzina la dziko ndi lothandiza kwambiri. Lebulo yonena Rhodesia ndi ya 1980 isanafike, ndipo dzina la Salisbury linasinthidwa kukhala Harare mu 1982. "West Germany" inatha mu 1990, Czechoslovakia inagawikana kumapeto kwa 1992, ndipo chovala chotchula Hong Kong ngati dziko lolamulidwa ndi Britain ndi cha mwezi wa Julayi 1997 usanakwane. Za RN zija zimakhudza zovala za msika wa ku America zokha, musazifunefune pa shati ya ku Bulawayo.

Bambo a ku Zomba, mwanenanso kuti shatiyi ikukukulirani ndipo mukuganiza zopita nayo kwa telala. Ndikupempheni, ivaleni momwe ililimo. Inasokedwa dala yotakasuka, ndipo mukaichepetsa matumba aja adzakhala ngati akuthawira kukhwapa. Ngati n'kofunikadi, achepetse manja okha, koma lebulo ndi kachingwe asazikhudze. Pochapa, madzi ozizira ndi sopo pang'ono, kutikita ndi manja, osamenyetsa pamwala, n'kuyanika pamthunzi itatembenuzidwa. Mabatani ake ndi akale, simbi yamakala ikawagunda akhoza kusweka kapena kusungunuka, ndiye posita muziwalambalala.