Miyala ya m'ndulu: bwanji osangoiphwanya m'malo mochotsa ndulu?

Sabata yatha mayi wina anandilembera imelo yaifupi. Atamuunika anamupeza ndi miyala m'ndulu, adokotala akuti ndulu ichotsedwe, ndiye akufunsa kuti: "Bwanji osangoiphwanya ndi makina aja amaphwanyira miyala ya mu impso? Ine mpeni ndikuuopa." Mayi, kalata yanu ndinaiwerenga katatu, chifukwa funso lomwelo ndinalifunsa ine zaka 6 zapitazo, nditakhala m'chipinda cha dokotala manja ali thukuta lokhalokha.

Kwa ine zinayamba pakati pa usiku, nditadya chakudya chonona madzulo ake. Ululu unandigwira pansi pa nthiti za kumanja ngati munthu wazika chibakera n'kumachipotokola, kenako unakwera kumsana mpaka paphewa. Ndinayesa kugona chammbali, chafufumimba, zonse zinakanika. Ndinathera pogwada pansi, mutu uli pamatiresi, bambo a kunyumba akundisisita msana osadziwa chochita. Patatha maola atatu ululu unangoti zii. Kutacha ndinapita kuntchito ngati palibe chachitika, ndipo kwa miyezi ingapo ndinkadzinamiza kuti ndi zilonda za m'mimba.

Tsiku lomwe anandiunika ndinationa ndekha pa sikirini, timiyala tambirimbiri titaunjikana ngati mikanda m'kathumba. Nditafunsa za makina, adokotala anangopukusa mutu. Ine ndinakwiya. Ndinkaganiza kuti akufuna njira yowapepukira iwowo.

Ndiye ndinayamba kuwerenga usiku ndi usiku. Makinawa alipodi, si nthano. Amatchedwa lithotripsy, kapena mwachidule ESWL. Amatumiza mafunde amphamvu kuchokera kunja kwa thupi, mafundewo amadutsa m'khungu ndi m'minofu n'kukakumana pa mwala, mwala n'kusweka. Anayamba kuwagwiritsa ntchito pa miyala ya mu impso ku Munich, m'dziko la Germany, mu 1980, ndipo mu 1985 madokotala a mumzinda womwewo anayesa pa miyala ya m'ndulu. Anthu anasangalala, anaganiza kuti opaleshoni yatha basi.

Koma impso ndi ndulu n'zosiyana. Ku impso mkodzo umayenda usana ndi usiku, ndiye zidutswa zimakokoloka. Ndulu ndi kathumba kokhala ndi khomo limodzi lopapatiza, ndipo zidutswa zikamatuluka zimapweteka ngati ululu uja wa usiku. China chikhoza kutseka njira n'kutupitsa kapamba, matenda oti munthu amagonekedwa nawo. Pofuna kusungunula zotsalira, wodwala amamwa mankhwala a ursodeoxycholic acid kwa miyezi yambiri. Komanso si aliyense amayenera: pamafunika mwala umodzi wosapitirira mamilimita 20, wopanda calcium wambiri, ndi ndulu yomwe ikufinyabe bwino. Anthu otere ndi ochepa. Ine ndi mikanda yanga ija sindinali m'gululo n'komwe.

Chomwe chinandifooketsa kwambiri ndi ichi: miyala yambiri imapangika chifukwa madzi a ndulu ali ndi cholesterol (mtundu wina wa mafuta a m'thupi) wochuluka ndipo kathumbako sikakhuthula bwino. Mukaphwanya mwala, kathumba kamene kanaupanga kamatsala pomwepo. Pakapita zaka zochepa, mwa anthu ambiri miyala imabwereranso.

Apa ndipatuke pang'ono, chifukwa ndikudziwa kuti wina akutumizirani kale uthenga uja wonena kuti kumwa mafuta a olive ndi mandimu kumatulutsa miyala ya m'ndulu. Ine anatumiza ndi alamu anga, ndi mtima wabwino ndithu. Ndinamwa kapu yonse ya mafuta, nseru ili pakhosi, ndipo m'mawa ndinatulutsa timibulu tobiriwira tofewa. Ndinajambula, ndinatumizira abale, chimwemwe chokhachokha. Atandiunikanso, miyala yanga inali momwemo, osachoka ndi umodzi womwe. Timibulu tija timapangika m'matumbo mafuta akasakanikirana ndi madzi ogaya chakudya, ngati mmene sopo amapangikira. Ogulitsa zotere pa intaneti amandinyansa, ndinene poyera. Amadya ndalama za anthu amantha.

Ndinazengereza miyezi 8. Mapeto ake ndinalowa m'chipatala thupi likutentha, ndulu itatupa, ndipo opaleshoni yomwe ndikanaikonzekera mwamtendere inachitika ndili wofooka. Anaboola timabowo tinayi, analowetsa kamera, ndulu n'kutuluka. Zipsera zake lero ndimachita kuzifunafuna. Chodabwitsa n'chakuti opaleshoni ya timabowo imeneyi inayambanso ku Germany chaka chomwecho cha 1985, ndi dokotala Erich Mühe, ndipo ndi imene inachititsa kuti makina aja aiwalike pa nkhani ya ndulu. Kuchotsa ndulu kumene n'kwakale, Carl Langenbuch anachita koyamba ku Berlin mu 1882. Munthu amakhala bwinobwino wopanda ndulu, chifukwa madzi ake amapangidwa ndi chiwindi ndipo amangotsikira m'matumbo. Ine ndinatsegula m'mimba masabata angapo, kenako zinakhazikika.

Nanga inuyo mutani?

Ngati miyala anangoipeza mwangozi ndipo siinakupwetekenipo, kawirikawiri amangoisiya. Ngati ikupweteka, funsani adokotala kuti ilipo ingati, ndi yaikulu bwanji, ndipo ndulu ikugwira ntchito kapena ayi. Masiku ano makinawa amathandiza makamaka pa mwala waukulu wokakamira m'njira ya ndulu, umene wakanika kuchotsedwa ndi kachubu kolowetsa pakamwa, kapena kwa munthu amene thupi lake silingapirire opaleshoni. Mukaona maso achita chikasu, mkodzo wada, thupi likutentha, kapena ululu wapitirira maola angapo osaleka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale utakhala usiku.