Kutopa kosatha pambuyo pa mankhwala a Lyme: kodi diripi ya miyezi itatu ithandiza?

Mayi, mwati abambo akunyumba kwanu ku Massachusetts, ku America, analumidwa ndi nkhupakupa, anapezeka ndi Lyme, anamwa doxycycline masabata atatu, koma patha miyezi 8 akadali otopa, thupi likuphwanya ndipo akuiwalaiwala. Chipatala china cholipira chawauza kuti tizilombo tikadalimo, choncho aikidwe diripi ya miyezi itatu. Musalipire kaye. Zimene akumvazo ndi zenizeni, si ulesi ayi, koma njira ya diripiyo inayesedwa kale kangapo ndipo sinapereke zimene akukulonjezanizo.

Madokotala vutoli amalitcha PTLDS: kutopa, kuphwanya m'thupi ndi kuvutika kuganiza kopitirira miyezi 6 munthu atamaliza mankhwala oyenera, mpaka kumasokoneza ntchito zake. Gulu la John Aucott ku yunivesite ya Johns Hopkins linatsata anthu amene analandira mankhwala msanga, ndipo mu 2022 linapeza kuti 14 mwa 100 alionse anatsala ndi vutoli, pamene mwa anthu amene sanadwalepo Lyme anali 4 mwa 100. Ku Netherlands, mu 2021, anapeza 27 mwa 100 pakati pa odwala, koma 21 mwa 100 pakati pa anthu wamba. Ndiye kuti Lyme imasiyadi vuto mwa ena, komanso ambiri amene akudandaula kutopa ali ndi chifukwa china chimene chikufunika kufufuzidwa.

Za diripi tsopano. Mu 2001 Mark Klempner ndi anzake analemba anthu 129 n'kuwagawa mwa maere. Gulu lina linalandira ceftriaxone magalamu 2 patsiku kudzera mumtsempha kwa masiku 30, kenako doxycycline masiku 60. Gulu linalo linalandira mankhwala opanda mphamvu ooneka chimodzimodzi, wodwala ndi dokotala yemwe osadziwa amene walandira chiyani. Kafukufukuyu anamuimitsa panjira chifukwa magulu awiriwo sankasiyana. Mu 2008 Brian Fallon wa ku Columbia University anapereka ceftriaxone kwa masabata 10 pa kafukufuku wa anthu 37. Pa sabata ya 12 kuganiza kunali kutawongokera pang'ono, koma pofika sabata ya 24 phindulo linali litatha, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi olandira mankhwalawo anapeza nawo mavuto. Wamkulu pa onse ndi wa ku Netherlands wa 2016, wa anthu 281. Onse analandira diripi masabata awiri, kenako masabata 12 a doxycycline, kapena clarithromycin pamodzi ndi hydroxychloroquine, kapena mapiritsi opanda mphamvu. Magulu atatuwo anamaliza mofanana.

Amene amalimbikitsa diripi amakonda kutchula kafukufuku wa Lauren Krupp wa 2003, ndipo tisabise, pamenepo panaoneka kanthu. Mwa anthu 55, kutopa kunachepa kwambiri mwa amene analandira ceftriaxone masiku 28. Koma kuganiza sikunasinthe, ambiri anatha kuzindikira gulu limene analimo, ndipo anthu 4 anagonekedwa m'chipatala. Atatu mwa anayiwo anali m'gulu lolandira mankhwala opanda mphamvu. Izi zikusonyeza kuti kachubu kolowetsera diripi mumtsempha komweko n'koopsa. Ofufuzawo eni ake sanalimbikitse njirayi.

Diripi ya nthawi yaitali imafuna kachubu kolowetsedwa mumtsempha wa pamkono kukafika pafupi ndi mtima. Kachubuko kakakhalitsa, mabakiteriya a pakhungu amalowerapo kupita m'magazi, ndipo magazi amatha kuundana pamenepo. Ceftriaxone amaphatikana ndi kashiamu m'ndulu n'kupanga tizidutswa ndi miyala, moti ena amachotsedwa ndulu. Mankhwala akapha mabakiteriya abwino a m'matumbo, mabakiteriya oipa otchedwa Clostridioides difficile amachulukana n'kuyambitsa kutsekula m'mimba koopsa. Mu 2017 bungwe la boma la America loona za matenda la CDC linafalitsa nkhani za odwala amene anavulazidwa motere, ena mpaka kumwalira.

Mwina achipatalacho akuonetsani pepala la magazi lonena kuti Lyme ikadalipo. Kuyeza kwa masiku onse sikuona kachilombo koyambitsa Lyme ka Borrelia burgdorferi, kumaona ma antibody amene thupi linapanga polimbana nako, ndipo amenewa amakhala zaka zambiri munthu atachira. Ali ngati chipsera, chimene chimasonyeza kuti panali bala osati kuti bala likadalipo. Pepala limenelo palokha si chifukwa choyambira mankhwala ena.

Choyamba kuchita n'kubwerera kwa dokotala wawo wanthawi zonse, kapena katswiri wa matenda opatsirana, kuti ayang'ane zinthu zochizika. Ngati bondo latupa ndipo likutentha, imeneyo ndi nyamakazi ya Lyme, si PTLDS, ndipo ili ndi njira yake: mapiritsi masiku 28, ndipo kutupa kukapanda kutsika apo ceftriaxone wa masabata awiri mpaka anayi amaloledwa. Ngati kutentha thupi, kuzizidwa ndi thukuta la usiku zikubwerabwera, ayezedwe Babesia. Nkhupakupa yomweyo imafalitsanso kachilomboka, kamalowa m'maselo ofiira a magazi, pa mayikulosikopu kamafanana kwambiri ndi ka malungo, ndipo doxycycline sakapha. Mankhwala ake ndi atovaquone ndi azithromycin masiku 7 mpaka 10. Ngati abambo anabwera kumudzi kumene kuli malungo posachedwa, auzeni a labu kuti asiyanitse ziwirizi. Nkhope ikapotokera mbali imodzi, kapena mtima ukamagunda pang'onopang'ono mpaka kuchita chizungulire, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

Kumbukiraninso kuti munthu amatha kulumidwanso. Kafukufuku wa Robert Nadelman wa 2012 anasonyeza kuti banga limene Lyme imayamba nalo likabweranso pakhungu amakhala matenda atsopano, osati akale aja kudzuka. Pa khungu lakuda bangalo silifiira ngati pa zithunzi za pa intaneti. Limaoneka loderako kapena lofiirira pang'ono, likukula tsiku ndi tsiku, kawirikawiri kuseri kwa bondo, m'khwapa kapena m'chiuno. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene anthu akuda ku America amapezekera ndi Lyme mochedwa.

Pa magazi apemphe kuyezedwa kuchuluka kwa magazi ndi ayironi, chithokomiro, shuga, mavitamini B12 ndi D, chiwindi, impso ndi HIV. Vitamini D amachepa kawirikawiri mwa ife akhungu lakuda tikakhala kumalo a dzuwa lochepa. Ngati amaliza mkonono n'kumabanika m'tulo, auzeni adokotala, chimodzimodzi za nkhawa ndi COVID-19 ngati anadwalapo.

Zonsezi zikatuluka bwino, chifukwa chake chikadali m'manja mwa ofufuza. Mu 2019 Brandon Jutras anapeza zidutswa za khoma la kachilomboka m'madzi a m'mabondo a odwala amene anamaliza kale mankhwala, ndipo zidutswa zakufazo zimatha kupitiriza kutakasa chitetezo cha m'thupi. Gulu la Aucott linaona kuti CCL19, kamodzi mwa timapuloteni toitana asilikali a m'thupi, kamakhalabe kokwera mwa ena amene sachira msanga. Mu anyani a kafukufuku wa ku yunivesite ya Tulane munapezeka tizilombo totsalira pambuyo pa mankhwala, koma mwa anthu sizinatsimikizike kuti n'timene tikudwalitsa. Mankhwala ovomerezeka a PTLDS palibe pakadali pano, kotero chithandizo chimalunjika pa ululu, tulo ndi kugawa ntchito kuti asamadzipanikize tsiku limene akumva bwino n'kugona masiku otsatira. Ambiri amapezako bwino pang'onopang'ono, pa miyezi kapena zaka.

Ngati akufuna kuyesa njira zatsopano, alembe “post-treatment Lyme disease” pa ClinicalTrials.gov n'kusankha kafukufuku amene akulemba anthu. Johns Hopkins ku Baltimore ndi Columbia ku New York ali ndi malo ofufuzira matendawa. Kafukufuku weniweni amakhala ndi nambala yoyamba ndi NCT, amavomerezedwa ndi komiti yoteteza odwala, amapereka chikalata chofotokoza zoopsa musanasaine, ndipo kawirikawiri salipiritsa. Ambiri amafuna umboni wa matenda oyamba aja, ndiye sonkhanitsani tsopano pepala la dokotala amene anaona bangalo, zotsatira za magazi, dzina la mankhwala ndi masiku amene anamwa.